Khasu la NyaChirwa ndi Botolo Langa

Lolemba

Ndamanga chingwe pakati pa munda wathu wa khobwe, kumtunda kwa Chikale. Mbali iyo ya akazi anga, NyaChirwa, ndi khasu lawo. Mbali ino yanga, ndi mankhwala opha udzu. Tione wopambana!

Chifukwa chenicheni sindinawauze. Masiku ano akamaweramuka amagwira msana n'kuluma mano. Zaka zonsezi akhala akupalira okha, ine ndili kudoko kunyamula katundu wa anthu. Zakwana.

Iwo akungoti, "Poperani, ada, tione."

Lachiwiri

Zofunika:
botolo la mankhwala (ndagula)
mpope (wobwereka kwa aneba, a Mhone)
magalasi owerengera (asowa)

Wam'sitolo akufunsa, "Khobweyo wamera kale?" Ndikuti eya, masamba anayi. Akuyamba kufotokoza zinazake, koma sitima ikulira kudoko, ine miyendo yanyamuka yokha. Ntchito ndinasiya, miyendo sinamvebe.

NyaChirwa: mizere isanu ndi umodzi. Ine: palibe.

Lachitatu

Ndikuyesa mpope ndi madzi okha. Mwayi wake! Ukudontha, madzi onse kumsana mpaka m'buluku. Ndamata ndi sopo, ndakulunga mphira. Ndikungomaliza, mvula iyo, yosaodira n'komwe.

A Mhone ali pakhonde pawo: "Mukapopera lero, ndiye kuti mwangousambitsa udzuwo."

Lachinayi

Dzuwa! Koma mphepo. Ndapopera mzere umodzi wakumapeto, NyaChirwa akukuwa: "Imani! Mphepoyo ikuloza ku chitambe changa. Masamba akafa, ndiwo mukazitenga kuti?"

Ndaima. M'dengu mwawo muli bonongwe ndi chisoso zimene azula popalira. Masana tadya zomwezo, zotendera. Adani anga a m'munda omwewo, ndabwereza kawiri.

Lachisanu

Magalasi apezeka, anali m'buku la nyimbo. Ndawerenga pabotolo. Akuti poperani mbewu isanamere. Akuti amapha chilichonse chobiriwira.

Ndawerenganso, mwina zisintha. Sizinasinthe.

Khobwe ndi wobiriwira.

Ndachedwa ndi masabata atatu. Mpope ndabweza mwakachetechete, kudzera kuseri kwa bafa.

Loweruka

Mzere wanga uja wapsa ngati padutsa moto. Udzu wafa, inde. Khobwenso wafa. Mbali yanga yotsalayo udzu wafika m'mawondo, mbali yawo mbee!

NyaChirwa ayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Angondipatsira khasu lachiwiri. Kodi analitenga liti kunyumba?

Zimene ndaphunzira:
matuza amatuluka msanga
khobwe wamng'ono sachedwa kudulika (ndadula asanu, ndakwirira)
ndikamamaliza mzere umodzi, iwo atha itatu, kwinaku akuimba

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akuimirira pa nyimbo, ine msana wakana. Ndakhala chiweramire. Mkulu wa mpingo wandiyamikira kuti ndimapemphera mozama.

Botolo lili pamwamba pa kabati, lidikire tsiku lodzala chaka chamawa. Chaka chino ndi cha khasu. Yatsala mizere khumi ndi inayi, mawa kulawira.

Potuluka ndamva NyaChirwa akunong'oneza amayi anzawo a chigwirizano: "Amapalira ngati nkhuku ikufukula. Koma musawauze, angasiye. Kumunda ndapeza wocheza naye."

Ndachita ngati sindinamve.