Miyala Iwiri ya a Merv Pascoe

M'tauni yathu ya Blinman palibe amene sadziwa kuti malemu a Merv Pascoe ankanyambita miyala. Akatswiri a miyala amatero ndithu, poti mwala ukanyowa umaoneka bwino, koma a Merv anapyola muyeso. Ananyambitapo khoma la holo pa ukwati wa eni, mkwatibwi akulowa. Ananyambitanso mphete ya mayi wina wodzaona malo, n'kumuuza kuti, "Pepani mayi, amuna anu anakupusitsani. Ili ndi galasi."

M'jekete ankayenda ndi miyala iwiri: wina wa m'mapiri a Flinders, kwathu konkuno, wina wa m'mapiri a ku Antarctica komwe anakagwira ntchito ali mnyamata. Kumeneko akuti ananyambita thanthwe, lilime n'kumatirira pomwepo chifukwa cha chisanu, mpaka anzawo anachita kuwathira tiyi wotentha kukamwa.

"Mapiri awiriwa ndi pachibale," ankatero ku bala. "Anapindika limodzi zaka mamiliyoni mazana asanu zapitazo, dziko lisanang'ambike. Athuwa anatsala, mphepo n'kuwadya mpaka mafupa. Enawo anathawa. Lero ali gwa! kuuma ndi chisanu."

Akafika pa othawapo, diso linkapita kwa mwana wawo Narelle, yemwe anabwera kuchokera ku Canada kozizira koma chikwama osamasula.

"Bambo, ine si phiri."

"Nyambita miyalayi umve wekha."

"Malovu anu a zaka makumi anayiwo? Bola kufa!"

"Ndiye pita, ukaume."

Narelle mtima wake unali pobwerera ku Canada, koma sankafuna kunyamuka bambo ake atakwiya. Chaka chinatha akudikira mawu amodzi okha omumasula. A Merv anatisiya mu Julaye, mawuwo osawanena.

Atachokera kumanda, Narelle anapisa m'jekete muja. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunyambita mwala woyamba, kenako wachiwiri. Yonse inkangomveka fodya ndi maswiti a chifuwa. Pamene pananyowapo panaoneka kadontho ka penti yoyera, komwe akatswiri amalembapo nambala. Pa wa kwathu panalembedwa "Merv". Pa wa ku Antarctica, "Narelle", ndipo umenewo ndiwo unali wosalala kwambiri chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Madala inu," anatero akuseka, misozi ili chuchuchu, "osangonena bwanji?"

Mwala wa dzina lake anausiya pamanda, wa bambo ake n'kuuika m'chikwama, ulendo.

Tsopano alendo akatola mwala n'kufunsa zaka zake, timangoyang'anana. Woinyambita palibenso, miyala ya ku Blinman yonse ili mbuu, yowuma.