A Musameze ndi Botolo la Loweruka

Mumsewu wathu akumwa analipo ambiri, koma munthu wotha ola lathunthu ndi theka la tambula anali mmodzi yekha, apongozi anga aamuna. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi a kuchipatala okha. Enafe tinkawatchula a Musameze, chifukwa ndi mawu amene ankakulandira nawo ukangoika vinyo pakamwa.

Mkuluyu anagwira ntchito yoperekera zakudya pa hotela zaka makumi atatu, kuthirira mabwana vinyo wofiira, apongoziwo osalawako ngakhale dontho. Atapuma ntchito anati tsopano yafika nthawi yawo. Loweruka lililonse masana ankavala malaya oyera, kuyala nsalu patebulo la pakhonde, n'kutulutsa botolo limodzi ndi matambula a mwendo umodzi amene anawapatsa powatsanzika kuntchito. Lamulo linali losavuta kumva koma lowawa kutsatira. Vinyoyo umuzunguze, umununkhize, umusunge m'kamwa mpaka upeze chipatso chimene chabisala m'menemo. Ukachipeza ukweze chala, umeze, kenako uchitchule.

Ine ndimayendetsa lole ya sitolo ya zomangira, kunyamula simenti ndi malata, ndipo kukhala pansi sindikutha. Ndimadya chiimire, tiyi ndimamwa akuwotcha, kometetsa ndimadzuka wometayo asanamalize kuseri kwa khutu. Ndiye tsiku loyamba kundiitana pakhondepo, nditangokwatira mwana wawo, ndinalandira tambula ndi manja awiri mwaulemu n'kugugudiza kamodzi. Apongozi anandiyang'ana ngati ndaponda mwanapiye wawo. Sanandiyankhule ine. Anatembenukira kwa mkazi wanga n'kumuuza, ine ndikumva, kuti mwamuna womeza asanalawe sangadziwe chimene wakwatira.

Mawu amenewo anandilasa, ndipo anandikhala mumtima zaka zisanu ndi ziwiri. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi: tsiku lina nditchule chipatso chimene ndachimvadi, mkuluyo agwedeze mutu. Koma m'kamwa mwanga vinyo ankangokoma vinyo, wowawasa pang'ono, womanga lilime, basi. Loweruka lililonse ndinkakhala pampando masaya ali tutumu, mwendo ukugwedera, maso ali pa lole, iwo akufotokoza za mapichesi ouma ndi magwafa a kumapeto kwa nyengo ngati akuwaona m'mbale.

Wovutika sindinali ndekha. Wa butchala wa pakona, mnzawo wakale, tsiku lina anaona kuti vinyo wamuwawira n'kuthiramo chakumwa cha shuga. Apongozi anamuletsa kuponda pakhonde Loweruka zitatu. Iye sanataye mtima, ankabwera ndithu n'kuima kuseri kwa mpanda, kumatchula zipatso mongoponya, mwina chimodzi chigwera m'khonde. Anayambira nthochi n'kukathera pa nkhaka, apongozi akuyankha osatembenuka kuti nkhaka si chipatso cha munthu wolongosoka.

Kutchalitchi nako anawadziwa. Tsiku lina la mgonero mzere unaima, anthu n'kumasuzumira kutsogolo kuti kwagwanji. Anali apongozi, kakapu kali m'manja, akukazunguza ndi kununkhiza. Atameza anawanong'oneza abusa kuti botolo la vinyo wa mgonerowo linatsegulidwa kalekale ndipo likusungidwa pawindo pofika dzuwa. Abusa anakwiya sabata yathunthu, koma botolo analichotsa pawindo paja.

Chaka chachitatu ndinatopa n'kuyamba kuba. Ndinazindikira kuti kachipepala ka kumbuyo kwa botolo kamalemba zipatso zonse, ndiye ndinkanamizira kukasamba m'manja kukhitchini n'kuwerenga mwachangu. Loweruka ziwiri zinandiyendera. Loweruka lachitatu ndinakweza chala msanga, kumeza, n'kunena molimba mtima kuti ndikumva matcheri.

"Matcheri," anatero apongozi. "Mwachita bwino, akamwini. Kodi tcheri amakula bwanji?"

Ine tcheri ndinali ndisanamuonepo chibadwire. Ndinatambasula manja n'kuonetsa msinkhu wa papaya wapakati. Wa butchala anaseka mpaka vinyo anatulukira m'mphuno, mkazi wanga n'kuthawira m'nyumba. Kuyambira pamenepo apongozi ankaviika botolo m'beseni la madzi Lachisanu, kumatula mapepala onse, ndipo linkafika patebulo lili mbulanda. Ndinakwiya nawo kwambiri mkuluyu, sindikubisa. Ndinkati munthu wanji wosandutsa chakumwa kukhala mayeso. Koma Loweruka likafika ndinkapezeka ndakhala pampando womwe uja.

Chaka chatha anadwala chifuwa chachikulu ndithu, n'kugona m'chipatala sabata zitatu. Anatuluka ataonda, malaya oyera aja akuwalendewera, koma botolo la Loweruka silinaphonye. Chinasintha n'chakuti anasiya kutsutsa. Wa butchala ankati nanazi, iwo n'kuvomera. Ine ndinkati sindikumva kanthu, iwo n'kungoti zimachitika. Tonse tinati matenda awafewetsa mtima, ndipo ine ndinakondwera, kupusa kwanga.

Loweruka lina ndinapita msanga kukapepesa kuti sindikhala nawo, chifukwa lole inali yodzaza simenti ndipo mwini katundu ankandidikira pamalo omanga. Injini ndinaisiya ikulira. Ndinalowera khomo la kukhitchini, ndipo ndinawapeza atavala magalasi, atayala patebulo kachipepala konyowa komatula pabotolo, milomo ikuyenda ngati mwana woloweza za mayeso. Atandiona anafuna kukabisa pansi pa mbale, koma dzanja linachedwa. Tinayang'anizana, ine wakuba wakale, iwo wakuba watsopano.

"Akamwini, tsekani chitseko," anatero. "Mphuno yanga inatsala kuchipatala kuja, lilime nalonso. Miyezi inayi tsopano ndikumwa madzi ofiira."

Ndinatseka chitseko. Iwo anatsegula botolo, n'kuthira pang'ono mu tambula, n'kundikankhira.

"Tandiuzani mmene alili. Koma musandinamize, chifukwa lero ndilibe pokugwirirani."

Kunama kunali kosavuta tsiku limenelo, ndipo foni inali ikulira kale m'thumba. Ndikanatchula chipatso chilichonse n'kuthamangira ku lole. Koma ndinakoka mpando. Ndinazunguza, kununkhiza, n'kuika m'kamwa. Panalibe kanthu, vinyo yemwe uja. Foni inasiya, n'kuyambanso. Nsagwada zinayamba kuwawa, mwendo ukugwedeza tebulo, mkuluyo ali phee kundiyang'ana pakamwa ngati wodwala woyang'ana dokotala. Ndinatsinzina chifukwa cha manyazi. Ndipo chapansipansi, kumbuyo kwa kuwawasa kuja, kunabwera kanthu kena kotsekemera kamene ndinkakadziwa. Ndinakweza chala.

Ndinawauza kuti ndi mabulosi, koma osati othyola mumtengo. Anali akuda aja ogwa okha pansi, ofunda ndi dzuwa, amene tinkatola kuseri kwa garaja kumene ndinaphunzirira ntchito, odetsa zala mpaka mawa lake. Apongozi anayang'ana pa kachipepala kaja. Mabulosi panalibe. Anakapinda n'kukaponya m'chitini cha zinyalala.

"Pitirizani," anatero. "Mukameza chikutsala n'chiyani?"

Ndinalawanso n'kuwauza kuti kukutsala kakuwawa pang'ono, ngati ukatafuna njere ya mphesa mwangozi. Anatsinzina n'kumagwedeza mutu pang'onopang'ono, milomo ikutafuna mphepo. Anandifunsa mafunso ambiri, ine n'kumayankha zimene ndikumva, pena n'kuvomera kuti sindikudziwa. Pamene ndinkatuluka, mafuta a lole anali atatsika, mwini katundu atagula simenti kwina, ndipo Lolemba bwana anandikalipira pamaso pa anthu. Sizinandipweteke n'komwe.

Titatero tinapangana. Ndinkafika msanga n'kulawiratu kukhitchini, iwo n'kukalengeza pakhonde ngati zawo. Mkangano unabwerera mwakale. Wa butchala atati nanazi, apongozi anamufunsa ngati lilime analigulitsa pamodzi ndi la ng'ombe, ndipo iye anasangalala kutukwanidwanso moti anabweretsa nyama yaulere. Ine ndinkakhala pakona duu, kumva mawu anga akutuluka m'kamwa mwa apongozi atavala bwino kuposa mmene ndinawaperekera. Zinatero Loweruka zisanu ndi chimodzi. Lachitatu lina m'mawa apongozi anatisiya ali pampando, akudikira tiyi kuti azizire.

M'nyumba muja munalowa anthu ena. Pakhonde pali njinga yamoto ndi chingwe choyanikapo matewera. Wa butchala amamwa zosakaniza mmene angafunire, koma akuti sizikomanso popanda womuletsa. Ine Loweruka masana ndimasowa pokhala. Ndimatsuka lole yotsuka kale, kuzungulira msewu kawiri, kulowa m'nyumba n'kutulukanso, mpaka mkazi wanga amandiuza kuti ndikumuzunguza mutu. Mapeto ake ndimagula botolo n'kukhala kukhitchini kwathu.

Masiku ano zipatso ndimazipeza, zina mwina ndimangoziganizira, sindidziwa. Ndikamuuza mkazi wanga kuti umu muli mapichesi, amati chabwino, n'kupitiriza kusita. Ndikamuuza kuti muli nkhaka, amatinso chabwino. Ndimawasowa apongozi anga, ndipo zimandipsetsa mtima kuti ndinawononga zaka zisanu ndi ziwiri ndikuyang'ana lole. Ndimafuna munthu woti andiyang'ane m'maso n'kundiuza kuti ndikunama, koma mumsewu monse muno mulibe.