Tonde wa Mkazi Wanga Anapita ndi 73

Mpaka lero ndimakana kuti ndinalephera masamu. Ndinangotopa basi, ndipo kutopa si umbuli.

Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa masamu pasekondale ina ku Thambani. Litayandikira tsiku loti makolo adzaone zomwe ana awo amaphunzira, ahedi anati mphunzitsi aliyense akonze choonetsa. Anzanga anakonza nyimbo ndi masewero. Ine ndinasankha nambala: 10,001.

Ndinkafuna kuonetsa kuti ndi pulaimu, nambala ija ukaigawa ndi ina iliyonse, kupatula 1 ndi iyo yomwe, pamakhala chotsala. Kunyumba ndinaiyesa ndi 2, 3, 5, 7, mapulaimu onse mpaka 71. Onse anakana. Lamulo limati ndifike pafupi ndi 100, koma dzanja linali litawawa (komanso pawailesi panali mpira).

Tsikulo ndinailemba pabolodi manambala akuluakulu. Ndinauza makolo kuti imawerengeka chimodzimodzi ukayambira kumanja kapena kumanzere, ndiponso kuti palibe munthu angaigawe. Anaomba m'manja. Anzanga, kuomberedwa m'manja kumaledzeretsa. Ndinalengeza kuti woigawa popanda chotsala ndimupatsa tonde wa m'khola mwathu.

Kumbuyo kunadzuka a Zuze, bambo wokonza njinga pamsika, amene anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti manambala si masipoko.

"Aphunzitsi, tayesani 73," anatero atavula chipewa.

Ndinayesa monyada. Choko chikutsika, mtima nawo unkatsika. Yankho linatuluka 137, chotsala palibe. Ndinafufuta n'kubwereza, zomwezo. Ndinachulukitsa 73 ndi 137, ndipo 10,001 inabwera osachita nane manyazi. Apa m'pamene ahedi anandinong'oneza kuti a Zuze asanathawe nkhondo ankaphunzitsa masamu ku Tete (nkhani yoyenera kuuzana m'mawa, osati pamenepo).

Ndinati za tonde zija kunali kungokometsa nkhani, koma komiti ya makolo inati mphunzitsi sanama pamaso pa ana. Madzulo a Zuze anafika ndi chingwe chawochawo. Mkazi wanga anawalonjera bwinobwino, n'kuwatsegulira yekha khola. A Zuze atachoka, mkazi wangayo ananditembenukira.

"Bambo, tonde ameneyu anandipatsa ndi amalume anga. Mawa mukawafotokozere nokha za 73 wanuyo."

Ndinapitadi wapansi kwa amalume akewo ku Kanduku. Amalumewo anamvetsera zonse, kenako anafunsa ngati boma limandilipira chifukwa cha zimenezi.

Ana asukulu amanditchula kuti a Sevente-filii, ine sindiyankha. Sindinapepese kwa aliyense, ndipo sindidzapepesa. Kungoti Loweruka lililonse mundipeza pamsika kwa a Zuze. Wondifunsa ndimamuuza kuti tayala laphwa. Za kope la masamu lomwe limakhala m'thumba mwangamo, zimenezo ndi zanga.