Kuseri kwa Mpanda Wobiriwira

Lolemba

Zikomo Ambuye, dzina langa lamveka! Dzulo titaweruka ku tchalitchi, komiti ya Sande sukulu inandipatsa udindo. Ana akufuna ulendo wa ku paki ya zisangalalo pa Khirisimasi, ndipo mapaki ndi awiri, ina kumpoto kwa mzinda, ina kumwera. Mpingo wang'ambika pakati. Za zigawo tinazisiya ku Malawi, tazipezanso ku Perth. Akumpoto akutsogoleredwa ndi bambo Gondwe. Akumwera ndi ine, ngakhale kwathu ndi ku Dedza, chigawo chapakati.

Vuto ndi pakamwa panga. Chaka chatha paki ya kumpoto inatsegula mapaipi aatali otsetserekamo ndi madzi, a Gondwe osatipumitsa nazo pagulupu ya mpingo. Tsopano ya kumwera yamanga mpanda wobiriwira pakona, mkatimo mwaima kireni, chimakina chija chokwezera katundu m'mwamba pomanga. Ndiye ine ndinaimirira pamaso pa abusa n'kulengeza kuti kuseri kwa mpandawo akumanga rolakosita, chisitima chija chothamanga m'mwamba n'kumazondotsa anthu, ndipo ikhala yaitali kuposa chilichonse cha kumpoto. Komiti yati ndibwere ndi umboni Lamulungu, kenako avote.

Umboni umene ndili nawo pakali pano:
- kireni
- mpanda (kanthu kakang'ono angakabisire chiyani?)
- mtima wanga ukundiuza

Koma ndilembe chenicheni, poti kope lino saliwerenga munthu. Nkhani ndi Tadala. Mwana wanga wakwanitsa zaka 13, ndipo miyezi ingapo tsopano mawu amene ndimamva kwa iye ndi "fine", kenako chitseko. Kusukulu bwanji? Fine. Wadya? Fine. Lero tikudya ndaonetsa mayi ake chithunzi cha kireni, mwana uja wadzutsa mutu n'kufunsa kuti ndi yaitali bwanji. Wafunsanso china. Ndi chinanso. Mafunso atatu tsiku limodzi! Ndinatsala pang'ono kuyambitsa kolasi patebulo.

Pulani: sabata ino ndili pa shifiti ya m'mawa kunyumba ya okalamba. Ndikaweruka ndizimutenga kusukulu, tizipita kukazonda mpanda. Mayi ake akuti, "Bola muzibwerako ndi mkaka."

Manyazi a pamaso pa mpingo ndikhoza kupirira. Koma ndikaoneka wopusa pamaso pa Tadala, chitseko chija chitsekekanso, ndipo sindikudziwa kuti chidzatseguka liti.

China choti a Gondwe asamve: zaka zonsezi sindinakwerepo kanthu ku paki. Ine ndimasunga zikwama.

Lachiwiri

Tafika! Kuchokera kwathu ku Armadale ndi kamtunda, kagalimoto kakutentha ngati uvuni, koma tafika.

Mpanda ulipo. Kireni ilipo. Ntchentche za kuno ziliponso, zija zosamva kuingitsa.

Ndikuyeza kutalika kwa kireni monga anatiphunzitsira ku pulayimale: kamtengo pansi, kuyeza mthunzi wake, kuyeza mthunzi wa kireni ndi mapazi, kenako masamu. Tadala akulemba. Koyamba zatuluka kuti kireni ndi yaifupi kuposa ine. Kachiwiri yapitirira phiri la Mulanje. Tatenga pakatikati.

Pachipata cha mpanda pamatidwa kapepala koyera. Magalasi ndaiwala m'galimoto, ndiye ndatuma Tadala. Wawerenga, wabwerezanso, kenako wati ndi zoletsa anthu kulowa basi. Mwaona? Akubisa!

Pobwerera tagula tchipisi. Ndiye mwana wayamba kuyankhula. Za mnzake wina amene wasiya kukhala naye nthawi ya buleki, za aphunzitsi a masamu, za nsapato zomuthina zimene sananene. Njira yonse! Iye Chingerezi chake cha m'mphuno, ine Chichewa, tikumvana bwinobwino. Ndaphonya dala msewu wathu kuti asamalize msanga.

Ndaika chithunzi pagulupu. A Gondwe ayankha nthawi yomweyo: "Achimwene, kuno ngakhale pomanga chimbudzi amabwera ndi kireni." Nsanje!

Mkaka ndaiwala.

Lachitatu

Kireni palibe.

Yapita. Tsiku limodzi lokha. Taima pampanda ngati anthu osiyidwa ndi basi.

Sindikuda nkhawa. Zifukwa zimene kireni ingachokere:
- yachepa, akubweretsa yaikulu
- woyendetsa ali pa holide
- aona chithunzi changa pagulupu, achita mantha kuti chinsinsi chaululika

Pali kampata pakati pa nsalu za mpanda. Ndasuzumira. Ndaona mizati yachitsulo, yowonda, mizere iwiri. Ndajambula.

Kuntchito kuli a Doug, achikulire amene ndimawasambitsa m'mawa, ndipo moyo wawo wonse anali omanga nyumba. M'mawa ndinawaonetsa chithunzi cha dzulo. Anachiyandikitsa kumaso n'kunena kuti kireni yaing'ono ngati imeneyo ndi yonyamulira denga. Ndimawalemekeza a Doug. Koma a Doug omwewo amanditchula dzina la galu wawo.

Pagulupu nkhondo. Akumpoto aika vidiyo ya mapaipi awo ndi nyimbo ya kwaya. Akumwera andiyankhira ndi zithunzi za moto. Abusa alemba kuti tikumbukire kuti ndife thupi limodzi, kenako afufuta, kenako afunsa ngati kumpoto kuli malo oimika basi. Tawadziwa mbali yawo.

Chachikulu cha lero: potuluka kusukulu Tadala wabwera yekha pagalimoto, osayang'ana uku ndi uku ngati anzake akumuona. Wafunsa yekha kuti tikupita. Nkhani ya mnzake uja yafika pa gawo lachiwiri: akuti vuto linayambira pa keke. Ndikuthokoza chifukwa cha kekeyo.

Lachinayi

Kuzonda kwakanika, ndiye tichite mwaulemu. Munthu ukafuna kudziwa za pakhomo pa eni ake, umapita kukaodira.

Ndavala suti. Ya pa ukwati wa mlamu wanga ija. Dzuwa likuswa mtengo, koma sungakafunse chinsinsi cha kampani uli mu yunifolomu ya kuntchito. Ndatenganso mtedza wokazinga m'kabotolo, poti chimanjamanja sizioneka bwino. Tadala wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti adikira patali.

Pawindo la matikiti pali mtsikana. Ndapereka moni. Ndafunsa za kunyumba. Ndafotokoza kuti ndatumidwa ndi mpingo, ndayamikira ntchito yabwino imene akugwira pakati pa ana, ndayamba mbiri ya komiti. Iye akuti, "Matikiti angati, bambo?" Kumbuyo kwanga mzere watalika, ana a eni ake avala zosambira, akundiyang'ana ngati ndabwera kudzatseka paki.

Pomaliza ndafunsa za mpanda. Wati akuchotsa Loweruka m'mawa, ndidzabwere ndidzaone ndekha. Kenako wandipatsa madzi ozizira n'kufunsa ngati ndikufuna kukhala pansi. Mtedza wakana mwaulemu. Ana a kuno ali ndi mtima wabwino, kungoti moni sautha.

LOWERUKA! Tsiku limodzi voti isanachitike! Mulungu sachedwa.

Ndalemba pagulupu kuti a Gondwe abwere Loweruka adzaone ndi maso awo. Ndipo, sindikudziwa chimene chinandilowa, ndawonjezera kuti woyamba kukwera ndidzakhala ine.

M'galimoto Tadala waseka mpaka misozi, akutsanzira mmene ndimaweramira pawindo. Mtedza tadya tonse. Sindikumbukira tsiku lomaliza limene anaseka nane chonchi. Suti yanyowa ngati ndagwa nayo mumtsinje, koma ayi ndithu, palibe chodandaula.

Lachisanu

Pampanda pafika lole. Yatsitsa mabenchi.

Mabenchi ambiri. Amatabwa. Okhala ndi potsamira.

Ndauza Tadala kuti ndi okhalapo anthu podikira mzere, chifukwa rolakosita yotere mzere wake umatalika. Wagwedeza mutu msangamsanga n'kuyang'ana kumbali. Mwana wabwino, amakhulupirira bambo ake.

Kunyumba mayi a Tadala afika kuchokera kuntchito kuchipatala ku Nedlands, awerenga pagulupu, avula nsapato, n'kufunsa funso limodzi: "Inu, amene munatseka maso pa esikaleta, masitepe oyenda okha aja, mukwera?"

Apa m'pamene ndaona pamene ndaima. Ngati kuseri kuja kulibe rolakosita, ndachita manyazi pamaso pa mwana. Ngati iliko, ndiyenera kukwera, ndipo ndifa. Ndagwada kuti ndipemphere, koma sindikudziwa chopempha. Ndangoti, Ambuye, mukudziwa inu.

Zokonzekera mawa:
- osadya m'mawa
- buluku lakuda (ngozi ikachitika isaoneke)
- kuuza mayi a Tadala pamene pali mapepala ofunika

Loweruka

Achotsa mpanda.

Ndi chisakasa.

Chisakasa chachikulu, denga la nsalu yoyera, mizati yowonda ija, mabenchi aja. Pali mpopi wa madzi akumwa. Pali pobaya tchaja ya foni. Pansi pa benchi iliyonse pali kabokosi, ndipo pamzati uliwonse pali tizitsulo topachikapo zikwama. Chikwangwani chikuti ndi malo opumira makolo ndi osamalira ana.

Akhala akumangira ine. Sabata yonse ndakhala ndikuyeza nyumba yanga yomwe ndi kamtengo.

A Gondwe afika ndi ana awo atatu ndi zikwama zinayi. Ayang'ana denga, ayang'ana ine, aseka mpaka kugwira mzati. "Injiniya! Kwerani tsopano, munalonjeza kuti mukhala woyamba!" Ndakhala pabenchi. Ndakhaladi woyamba.

Ana athamangira kokwera zinthu zakale za m'pakimo. A Gondwe apachika zikwama zawo, akhala pambali panga. Kamphepo kakudutsa. Msana watsamira. Patapita nthawi ndithu anena motsitsa mawu kuti kumpoto kulibe mthunzi wotere, chaka chatha khosi linasupuka. Ndawafunsa kuti mapaipi awo aja amakoma bwanji munthu ukamatsetsereka. Ayang'ana kutali. "Ine ndimaona ana akamatuluka kumapeto," atero. Ha! Nawonso! Atsogoleri awiri a nkhondo, onse osunga zikwama. Tagwirana chanza. A Doug ndidzawapepesa Lolemba.

Koma mtima uli kwa Tadala. Tsiku lonse sindinathe kumuyang'ana kumaso.

Talowa m'galimoto. Ndati ndiyambe ndine: pepa mwanawe, bambo ako anapusa. Iye wayamba kufinya lamba wa mpando. Wati kapepala ka Lachiwiri kaja sikanali koletsa kulowa. Kanalemba zonse, chisakasa, mabenchi, ndi tsiku lomwe.

Ndaimika galimoto pambali. Ndiye wadziwa sabata yonse? Suti ija? Mtedza uja? Bwanji osandiuza?

Wayankha m'Chichewa. Chopindika, cha ku Armadale, koma Chichewa: "Ndikanakuuzani, Adadi, mukanasiya kubwera kudzanditenga."

Ndanena kuti ntchentche yandilowa m'diso. Mawindo anali otseka.

Lamulungu

Ndapereka lipoti. Ndaimirira, ndavomera kuti rolakosita yatsopano kulibe, kuti masamu anga anali a kamtengo, ndiponso kuti sindinakwerepo ngakhale kavalo wapulasitiki. Aseka onse, ndi abusa omwe. Dzina latsopano lakhazikika: Injiniya wa Mabenchi. Lilowa m'maminitsi, ndipo sindikuona kuti lidzachoka ine ndili moyo.

Kenako amayi ayamba mafunso. Mthunziwo ndi waukulu bwanji? Mabenchi ali ndi potsamira? Pobaya tchaja ndi pangati? A Gondwe aimirira kuchitira umboni kuti anagonapo tulo tabwino. Voti yapita kumwera, manja onse m'mwamba. Ana sanafunsidwe. Ndapambana nkhondo, koma palibe amene akundiyamika, akuyamika denga.

Tadala wauza kale anzake a Sande sukulu kuti pa Khirisimasi bambo ake akwera ka rolakosita kakang'ono kakale ka m'pakimo, iye akhala pambali panga. Zikwama asunga a Gondwe. Sindinatsutse. Buluku lakuda lilipo.

Zothokoza sabata ino: mwana amene amabwera yekha pagalimoto, mtsikana wa madzi ozizira, a Doug, mthunzi, ndi mayi a Tadala amene sanatchulepo mkaka chichokere Lachiwiri.

Masana ano Tadala wagogoda. Iye kugogoda kwa ine! Wabwera ndi foni. Akuti anthu akunong'ona kuti paki ya kumpoto yayamba kukumba chidzenje chachikulu kuseri kwa malo oimika magalimoto, kubwezera chisakasa chathu. Ena akuti dziwe la mafunde, ena akuti mtsinje wonse. Maso ali gwa pa ine, akudikira maganizo a Injiniya.

Dzenjelo ndikulidziwa. A Gondwe anandiuza dzulo pabenchi kuti ndi la mapaipi a zimbudzi, mlamu wawo ndi amene akukumba.

Ndamuuza kuti likuoneka ngati la mafunde, koma munthu sungadziwe usanayeze. Tikupita Lachiwiri. Kamtengo kali m'galimoto.