A Geresomo ndi Kagalasi Koyeza Dzuwa

Inu, tamverani za a Geresomo a ku Makhanga, bambo amene mwana wawo atangolowa yunivesite anayamba kuvala jekete ngakhale popita kudimba, kutentha konse kuja kwa kuchigwa.

Mwanayo, Princess, anabwera patchuthi ndi kabokosi kokhala ndi kagalasi pamwamba. Anati kagalasiko anakapaka yekha timchenga tosaoneka ndi maso timene timamva kuwala, ndipo kabokosiko kamasunga zonse zimene timchengato tamva.

"Ababa, digiri yanga yagona pamenepa. Kakhale padenga mwezi wathunthu, kaziwombedwa ndi dzuwa. Musakakhudze."

"Pyadidi, zili bwino, mwananga. Pita mtima uli m'malo."

Wakabaza atangomunyamula, a Geresomo anayang'ana padenga, chifundo chinawagwira. Dzuwa lakwathu lija, losungunula ndi sopo yemwe, liwambe chinthu cha mwana wawo ngati mlamba? Anakwera kukakaimikira ambulera. Mphepo inaulutsa ambulera, iwo pofuna kuigwira anatsetsereka mpaka m'khola la mbuzi.

Akazi awo, mayi Otilia, anawapeza akudzisasa zitosi.

"Wailesi timaifunditsa nsalu, nanji digiri?" anatero mayiwo, n'kukavundikira ndi kansalu koluka kamaluwa.

Kenaka bambo aja anakumbukira akuba, ndiye kabokosi kanatsika padenga kukagona m'sutikesi pansi pa bedi. Koma munthu wonyada sabisa chinthu sabata yathunthu. Lamulungu ankakaika m'thumba, mapemphero akatha n'kukatulutsa panja pa tchalitchi, kukakweza m'mwamba.

"Aka kamaona zimene inu simuona. Osagwira, manja anuwo ngamafuta."

Akatero ankakabwezera m'thumba msangamsanga, kuopa kuti kangapse.

Mwezi utatha anakatumiza kusukulu, atakakulunga m'zitenje. Posakhalitsa foni inalira.

"Ababa," anatero Princess, "aphunzitsi akuti malinga ndi kagalasi kanga, ku Makhanga dzuwa limatuluka Lamulungu lokha, mapemphero akatha, n'kulowanso nthawi yomweyo. Akuti n'kakhungu. Ndibwereza chaka."

"Koma kafika bwino, eti? Kopanda ndi fumbi lomwe?"

Princess anadula foni.

Zinawapweteka a Geresomo, osanama. Koma mawa lake pamsika, mnzawo Petro atafunsa kuti mbuzi ya phwando la digiri aipha liti, bambo aja anatsokomola kaye, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti onse amve.

"Phwando taliimitsa, achimwene. Mwana uja mapulofesa amukonda kwambiri, akana kuti achoke chaka chino."