Tinaba Galimoto, Tinanyamula Apongozi

Pulani inabadwira ku Partick, mumzinda wa Glasgow, Lachisanu madzulo, m'bala ina yomwe matambula amanjenjemera sitima ikamadutsa pamwamba. Tinalipo atatu, ndipo nzeru zathu tonse mukanaziphatikiza sizikanadzaza chitsekerero cha botolo. Koma tsiku limenelo tinkadziona ngati madolo.

Mkulu wa gulu anali Ganizani, yemwe timamutcha Jenerali chifukwa amalondera pamalo oimika magalimoto ndipo amayenda ngati kumbuyo kwake kuli asilikali. Wachiwiri anali Isaac, wodziwika ndi dzina loti Mawa, poti chilichonse ungamupemphe yankho lake limakhala lomwelo. Wachitatu ndinali ine Spencer, kapena kuti Sipanala. Dzinali ndinalipezera pa galimoto yomwe tinkafuna kubayo.

Galimotoyo inali ya a Rowland Chimwaza, injiniya komanso mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu. Bambo amenewa atakhazikika ku Scotland anagwidwa ndi matenda a azungu olemera, matenda a ulenje. Kwathu mlenje amangofuna agalu ndi chibonga. Kuno ayi. A Rowland anagula chigalimoto chakale cha matayala ofika m'chiuno, n'kuyamba kuchiveka kuti azikagona nacho kumapiri kokasaka agwape a kuno, aja akuluakulu ngati thole.

Wochivekayo ndinali ine. Nyengo yonse yozizira, Loweruka lililonse, ndinkagona chagada pansi pa galimotoyo kunyumba kwawo ku Sighthill, zala zitauma gwaa. Winchi yokokera nyama ndinamanga ndine. Madilowa a mipeni ndi mbaula ya gasi ndinakhoma ndine, sola ndi batire lake ndinalumikiza ndine, ndipo tenti ya padenga, ija ya chivindikiro cholimba chodzitsegukira chokha ukangochimasula, ndinaikweza ndi msana wangawu. Malipiro ake anali lonjezo limodzi basi.

"Spencer, ulendo woyamba mpando wakumbuyowu ndi wako."

Ine pakamwa sipanachedwe. Ndinakalengeza kwa mayi Tusekelege, mayi ake a Misozi, chibwenzi changa, kuti akonzeke kulandira mwendo wa gwape. Mayi amenewa ndi wapampando wa amayi a Mvano, ndipo akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Anali atangoyamba kumene kundimwetulira, ndipo Loweruka la sabata yotsatira ankhoswe anga ndi awo ankayenera kukumana. Misozi ndinkamukonda zenizeni, koma ndinkadziwa kuti popanda mayiwa palibe ukwati.

Kenako kunabwera firiji yosungira nyama, yaitali ngati bokosi la maliro. A Rowland anaiyeza uku, anaiyeza uko, n'kugwedeza mutu.

"Sikulowa. Tachotsa mpando wakumbuyowo."

Ndinamasula mpando wanga ndi sipanala yanga yomwe.

"Ndiye akuchotsa chifukwa cha firiji, aise?" anatero Jenerali m'bala muja, akumenya tebulo. "Firiji yopanda ngakhale visa! Imeneyo ndiye insult. Galimoto imene ija ndi thukuta lako, tikungokatenga zathu."

"Tikaipititsa kuti?" ndinafunsa.

"Ku Easterhouse. Kuli mzungu wanga wina, Tam, amagula chilichonse osafunsa mafunso. Tenti payokha, winchi payokha, firiji payokha. Pofika lunch, galimoto yasanduka mafupa. Iwe ukakumana ndi ankhoswe uli mu suti ya bho."

Zotsalazo ndinapereka ndine, modzitama. Lamulungu m'mawa a Rowland amapita kutchalitchi pa kagalimoto ka akazi awo, chifukwa pageti la tchalitchi pali chitsulo chopingasa m'mwamba chomwe chigalimotocho sichingadutse pansi pake. Ndipo alenje ali ndi chizolowezi chobisa kiyi wina m'kabokosi ka maginito pansi pa madigadi, kuopa kutaya makiyi kutchire. Kabokosiko ndinakamata ndine.

"Bwanji tipange mawa?" anatero Isaac.

"Ndi mkuja, amwene."

"Ah, ndiye zili bwino kwambiri."

Tinagundanitsa matambula. Mutu umodzi susenza denga, koma palibe anatiuza kuti mitu itatu yopanda kanthu nayo siilisenza.

Lamulungu kunacha ndi mvula ya ku Glasgow, ija yobwera cham'mbali ngati ili ndi mangawa nawe. Jenerali anatigawira magolovesi achikasu otsukira mbale, akuti pofuna kubisa zidindo za zala. Isaac anali atanamiza mkazi wake Rozina kuti ali ndi shifiti kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anafika atadzikulunga kumaso ndi nsalu yoyera, maso okha ali pamtunda.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Jenerali.

"Mask. Ndangotola pa ironing board."

Kiyi ndinamupeza pomwe ndinamusiya. Injini inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo ndinamva kunyada, poti ntchito ya manja anga inali yosachititsa manyazi. Vuto linali limodzi. Mipando inali iwiri, anthu atatu. Isaac anakana kukhala pa firiji, akuti ali ndi matsire ndipo akufuna pogona. Tinamukweza m'tenti padenga, n'kutsitsa chivindikiro osakhoma kuti azipuma. Ntchito yake inali yongogwira lamba wam'kati kuti chisatseguke.

"Usasiye lambayo," ndinamuuza.

"Ndine mwana ine?"

Tinanyamuka ngati mabwana. Jenerali anatsamira, n'kuyamba kutsegula madilowa ndi kulonga m'jekete zomwe ankati ndi bonasi yake. Msewu waukulu wopita ku Easterhouse unali pafupi, ndipo ndinali nditayamba kale kusankha mtundu wa suti.

Pasiteji ya basi panaima amayi angapo ovala bulauzi zoyera ndi masiketi akuda, atanyowa ngati nkhuku. Wapatsogolo anakweza ambulera n'kuyamba kuigwedeza. Ku Glasgow konse kuno galimoto ya tenti pamutu yoyendetsedwa ndi munthu wakuda ndi imodzi yokha, ndipo Mmalawi aliyense amaidziwa. Mwini ambulerayo anali mayi Tusekelege.

"Ponda moto!" anakuwa Jenerali. "Usayang'ane! Sitinawaone!"

Mutu wanga unagwirizana naye kwathunthu. Koma mwendo wangawu unaleredwa ku Ntcheu, ndipo sunaphunzirepo kudutsa munthu wamkulu ali pamvula, makamaka apongozi. Unaponda buleki wokha. Ndinangozindikira ndatsitsa galasi, manja ndawomba, magolovesi akulira phwaphwa.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Tadzuka bwino, kaya inu bambo? Mulungu ndi wabwino, basi yatidutsa yodzaza. A Rowland akutumani kuti mutitenge?"

"Eya, mayi."

"Ndiye tiyeni tikawapeze."

Jenerali anandiyang'ana ngati andimeze, koma nayenso mwambo unamugwira pakhosi. Anatsika yekha, chipewa m'manja, n'kuwapatsa mpando wakutsogolo. Amayi enawo anapanikizana kumbuyo, wina pa madilowa, wina pa thanki ya madzi, ndipo mkulu wa asilikali anathera pa firiji, chikwama cha mayi wina chili pamiyendo. Womaliza kukwera anali Rozina, mkazi wa Isaac, mutu uli pamtunda.

Moni yekha anatitengera mtunda ndithu, poti aliyense anayenera kufunsa aliyense. Kenako mayi Tusekelege anayang'ana manja anga.

"Nanga magolovesiwo?"

"Chiwongolero chikuzizira, mayi."

"Ndi a Ganizani omwe akuyendetsa nawo?"

Ndinangoloza maso pamsewu. Mwamwayi Rozina anayamba kudandaula kuti duku lake la Mvano analisita usiku n'kulisiya pooneka, koma m'mawa lasowa ngati m'nyumba mwalowa mfiti. Anawonjeza kuti sangafunse bambo akunyumba, poti anyamuka mbandakucha kupita kuntchito, munthu wolimbikira ngati ameneyo kulibe. Amayi onse anavomera kuti Rozina anadalitsika. Padenga panali zii.

Wina anayambitsa nyimbo, onse n'kulandira. Jenerali anayesa kundinong'oneza kuti tiwatsitse pakona tithawe, koma mayi wa chikwama uja anamugunda ndi chigongono kuti alowetse besi. Analowetsa. Ndinkamuona pagalasi akuimba za kulapa, jekete litatupa ngati ali ndi pakati.

Titayandikira tchalitchi ndinayatsa indiketa kuti ndiime pamsewu.

"Mpaka pakhomo, mwana wanga," anatero mayi Tusekelege. "Maondo angawa ndi mvula sagwirizana."

Anati mwana wanga. Chiyambire kuyenda ndi Misozi anali asananditchulepo choncho. Mtima unasungunuka, nzeru zinatuluka, ndipo ndinakhotera pageti ngati dalaivala wa nduna. Chitsulo chopingasa chija ndinachiona chitafika kale pamphuno, ndipo nthawi yomweyo ndinakumbukira kuti padenga pali munthu.

Ndinaponda buleki ndi miyendo yonse iwiri. Amayi anakuwa, mabuku a nyimbo anauluka, Jenerali anamenyetsa chipumi pa mbaula. Pamwamba panamveka kugubuduka, kenako chivindikiro chinatseguka pang'onopang'ono ngati kamwa la ng'ona. Isaac anali atagona tulo, lamba atamusiya kalekale. Anadzuka n'kukhala tsonga pamaso pa mpingo wonse, womwe unali utaima pakhonde kuthawa mvula, nkhope itakulungidwa munsalu yoyera.

Rozina anatsika n'kuyang'ana kumwamba.

"Duku langa!"

Anayang'anitsitsanso.

"Bambo a Uchizi! Shifiti yake ndi imeneyi?"

"Ndikufotokozera mawa," anatero Isaac.

Jenerali anaona kuti zayang'ana kungolo. Analumpha kuti aliyatse liwiro, koma phazi linakola pa lamba wa chikwama chija, n'kugwa chafufumimba pamadzi. M'jekete munatuluka mipeni yosendera nyama, tochi, magalasi oonera patali ndi kapoto kophikira tiyi, komwe kanagubuduka mpaka kukaima pa nsapato za a Rowland.

A Rowland anali ataima pamenepo foni ili m'manja, osadabwa ngakhale pang'ono. M'galimotomo muli kachipangizo kolondolera, komwe kamatumiza uthenga pa foni yawo galimoto ikangosuntha. Kameneko kanaikidwa ndi Sipanala yemweyu, ndipo ndinakayesa kawiri kuti ndione ngati kakugwira ntchito.

"Ndimati ndiimbire apolisi," anatero, "koma ndinaona kadontho kakubwera konkuno. Ndinati tiyeni tidikire, mwina ndi chozizwitsa."

Misozi anatuluka m'gulu la kwaya. Iyeyu anakulira m'nyumba zosanja za ku Sighthill zija anazigwetsa, ndipo akakwiya Chichewa chimamuthawa.

"Spencer, are ye serious? Ma mum's in yer getaway car?"

Amafunsa ngati ndinanyamuladi mayi ake m'galimoto yakuba. Ndinangovula magolovesi.

Mlandu unakambidwira m'chipinda cha akulu a mpingo mapemphero atatha, ife atatu titakhala pa benchi ya ana a Sande sukulu, maondo ali kukhosi. Isaac anaperekedwa m'manja mwa mkazi wake, ndipo akulu onse anagwirizana kuti chilango chimenecho n'chokwana. Jenerali anapatsidwa ntchito yolondera magalimoto a mpingo Lamulungu lililonse, mwaulere, kupatula ya a Rowland. Amati masiku a mbava ndi makumi anayi, koma athu sanakwane ngakhale m'mawa umodzi.

Ine ndinali ndi kachiyembekezo. Ndinagwada pamaso pa mayi Tusekelege.

"Mayi, ndalakwa. Komabe ndinaima. Wina akanakudutsani."

"Munaimadi, bambo, ndipo zikomo," anatero mofatsa. "Ine ndinadziwira pasiteji pomwe paja. Munthu wotumidwa savala magolovesi a kukhitchini. Mbava ndikhoza kuipempherera, imasintha. Koma mbava yoba galimoto n'kukaipereka yokha kwa mwini wake, mwana wanga ingamudyetse chiyani?"

Akulu a mpingo anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Ine zinandiwawa mpaka m'mafupa. Loweruka lija ankhoswe sanakumane, ndipo Misozi anasiya kuyankha foni.

A Rowland sanapite kupolisi. Anati kumapiri kuli malo omwe galimoto siifika ndipo chingwe cha winchi chimaperewera, choncho pamafunika munthu wokoka gwape ndi manja. Motero ulendo woyamba uja ndinapita nawo ndithu, monga analonjezera. Ndinakhala pa firiji kupita ndi kubwera. Iwo anagona m'tenti, ine pansi pa galimoto, pamalo pomwe ndinazolowera. Gwape anaphedwa, ndinamukoka m'matope mpaka msana unalira, ndipo pobwerera anandipatsa mwendo wathunthu.

Ndinaukulunga bwinobwino, ndinavala malaya ositasita, n'kukwera basi mpaka kwa mayi Tusekelege. Mvula inali ikugwa ija ya cham'mbali. Ndinagogoda, anatsegula okha. Kumbuyo kwawo ndinaona jasi la Misozi lili pa msomali.

"Mayi, mwendo ndinalonjeza uja ndi uwu."

Anaulandira ndi manja awiri, n'kupinda maondo pang'ono mwaulemu wonse.

"Zikomo kwambiri, bambo. Muyende bwino."

Nyama inalowa m'nyumba. Ine anandisiya pamvula.