Nthungululu za mkamwini

Mukandiona m'tchalitchi ndikuimba maso ali pansi, musati ndi kudzichepetsa. Ndi manyazi, ndipo patha zaka zinayi koma sakuchepa.

Mulungu anandipatsa mawu aakulu, otsika ngati a ng'ombe yamphongo. M'kwaya ya kwathu, kuseri kwa phiri la Dedza, ndimaimba besi ndipo amandinyadira, makamaka pamaliro. Ndikangong'ung'udza kumanda, ngakhale amene anangobwerera nyemba amagwetsa misozi. Vuto ndi loti mawuwa sindiwasiya kukwaya. Ndimapita nawo kulikonse.

Ndine mkamwini. Apongozi anga aakazi, aNambewe, ali ndi dimba kumtsinje lomwe limabereka mbatatesi zonga zibakera, ndipo anali atanena kuti adzalipereka kwa mkamwini waulemu. Akamwinife tilipo awiri. Mnzangayo ndi kondakitala wa minibasi, amayankhula ngati aliyense ali tsidya lina la msewu. (Ine ndinkaona kuti mpikisano palibe.)

Ndiye mkazi wanga Agnesi anachira bwinobwino kuchipatala cha paboma, mwana wamkazi. Apongozi anali atatsala kumudzi chifukwa mwendo unkawavuta, wodikirira anali azakhali a Agnesi. Azakhaliwo anatulutsa foni kuti aimbe. Ine, mwini nzeru zonse, ndinawaletsa. Ndinati nkhani yaikulu chonchi sinenedwa pafoni ngati mtengo wa tomato, ndikanena ndekha mwaulemu wake.

Ndinatsika minibasi n'kukwera mtunda wapansi. Kunali chifunga cha mu Juni, ndipo pofika ndinali wefuwefu, maso ofiira ndi mphepo, mphuno ikuchucha. Apongozi anali pakhonde akutonola chimanga m'lichero. Ndinachita zonse zimene mkamwini wolangizidwa amachita: ndinavula chipewa, ndinanjuta patali pafupi ndi nkhokwe, ndinayang'ana pansi. Kenako ndinatsitsa mawu. Tangoganizani, mawu otsika kale aja, ine n'kuwatsitsanso.

"Amayi," ndinatero, n'kupuma. "Ndachokera kuchipatala kuja." Ndinapumanso, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. "Mwana wanu uja, Agnesi..."

Sindinafike kumapeto. Lichero linagwa, chimanga chili mbwee, apongozi manja kumutu: "Mayo ine, mwana wanga!"

Sindiwadzudzula. Munthu wochokera kuchipatala, chipewa m'manja, maso ofiira, mawu akutsetsereka ngati akutsitsa bokosi, angabwere ndi chiyani china? Mawu anga onse anali oona. Kamvekedwe kake ndi kamene kanapha mkazi wanga.

Ndinayesa kukonza, koma mkamwini sakuwa pamaso pa apongozi. Ndinangoti chapansipansi, "Amayi, dikirani," ndipo zinamveka ngati ndikuwatonthoza. Amayi oyandikana nawo anatulukira akumanga zitenje. Abambo amene ankapita kudimba anabwerera, makasu paphewa. Wina anadzandigwira phewa nandiuza kuti ndilimbe mtima. Ndikati ndifotokoze, iye amvekere usayankhule m'bale, tikudziwa.

Kenako aNaphiri, amene amayambitsa nyimbo m'kwaya mwathu, anayamba ija ya pamaliro, yokoka ija. Apa ndiye pochititsa manyazi penipeni. Atafika pamene besi amalowa, kukhosi kwanga kunayankha kokha. Mzere wathunthu ndinaimba. (Ndipo sindinaphonye, izi zokha mundiyamikire.)

Nditamva wina akufunsa kuti matabwa a bokosi akatenge kwa ndani, ndinadziwa kuti mawu sandipulumutsa. Anthuwa sankamva mawu, ankamva nyimbo. Ndinaimirira, ndinaika dzanja pakamwa, ndinaimba nthungululu. Mwamuna wandevu, pakhomo pa apongozi. Zinatuluka ngati chigayo chikukana kulira, koma nyimbo ija inathera pomwepo.

"Wachira! Mwana wamkazi! Onse ali bwino!" ndinakuwa.

Apongozi anapukuta misozi ndi chitenje, nandiyang'ana nthawi yaitali, chinthu chimene anali asanachitepo. Anayankhula mofatsa kwambiri, ndipo ine amene ndinali nditangophunzira kumene za kamvekedwe ndinadziwa kuti kufatsa kumeneko si kwa mtendere.

"Apongozi, mwatithandiza. Koma tsiku limene ndidzamwalire ine, mudzatume wina. Inu mukadzanena, anthu adzayesa kwabadwa mwana."

Dimba linapita kwa kondakitala. Akuti iye akamayankhula munthu umadziwiratu kuti zili bwino kapena ayi. Mbatatesi zake ndimaziona zikukwezedwa kupita ku Linthipe, ndipo zimandiwawa, sindibisa.

Kodi ndaphunzirapo? Ndimayesa kukweza mawu ndikamapereka moni, koma ana amathawa. Pano Agnesi ndi woyembekezeranso. Sabata yatha apongozi anamugulira foni yakeyake, ndipo ine andiuza kuti tsikulo ntchito yanga ndi kunyamula beseni.